Mwatola chigoba chokhala ndi bowo pansonga? Chitembenuzeni kaye

Chithunzi chimene anthu otola zigoba za nkhono m'mbali mwa nyanja amanditumizira chimakhala chomwechomwecho nthawi zonse. Kachigoba kooneka ngati kachipewa kosongoka kali pachikhatho, pansonga pake pali kabowo, ndipo m'munsi mwa chithunzicho muli funso lakuti, "Kodi chinaboola apa n'chiyani?" Ena amaganiza kuti munthu anaboola pofuna kupanga mkanda. Ena amati nsomba inaluma. Ndayankha funso limeneli mpaka chala kutopa, ndiye lero ndati ndilembe kamodzi, kuti wina akadzafunsanso ndizidzangomulozera pano.

Kawirikawiri palibe chimene chinaboola. Bowolo ndi la nkhonoyo, inakula nalo. M'Chingerezi nkhono zimenezi amazitcha keyhole limpet, chifukwa pa zina mwa izo bowolo limaoneka ngati polowetsa kiyi pa loko wachikale. Asayansi amatchula banja lonse kuti Fissurellidae, dzina lochokera ku mawu a Chilatini otanthauza mng'alu. Ine pano ndizingoti nkhono zabowo. Zimakhala m'madzi amchere okha, ndipo zambiri za m'nyanja zofunda ndi zazing'ono, masentimita 1 mpaka 4 basi.

Bowolo lili ngati chumuni. Madzi amalowera kunsi kwa chigoba chakutsogolo, amadutsa pa ziwalo ziwiri zopumira, kenako n'kutulukira pamwamba. Potulukapo amanyamula ndowe, ndipo nthawi yoswana amanyamulanso mazira kapena umuna. Motero madzi oipa sabwereranso kumutu kumene kukulowera madzi abwino.

Koma si chigoba chilichonse chabowo chimene chili cha banja limeneli, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amagwa. Amayang'ana kunja kokha, n'kuthamangira kufufuza dzina. Kunja kumanama. Tsatirani ndondomeko iyi mmene ilili, musadumphe.

1. Lembani kumene mwachitola musanachite china chilichonse

Dzina la gombe, dziko, tsiku, komanso ngati chinali pamchenga, pathanthwe kapena pansi pa mwala. Lembani nthawi yomweyo, kapena jambulani chigobacho pomwe chagonapo ndi foni yosunga malo. Mukati mudzakumbukira mukudzinamiza, makamaka ngati mwayenda magombe awiri atatu paulendo umodzi. Mudzaona pa nambala 8 kuti popanda malo palibe amene angakuuzeni dzina lenileni, ngakhale katswiri.

2. Onani ngati mwini wake alimo

Chigoba chimene chamamatira pamwala chili ndi mwini. Musachikanganule ndi mpeni. Phazi la nkhonoyo, umene ndi mnofu waukulu wa kunsi, likachekeka nkhonoyo imatha kufa ngakhale mutaibwezera pomwepo. M'malo ambiri otetezedwa a m'nyanja kutola chilichonse n'koletsedwa, ngakhale chigoba chopanda kanthu, choncho funsani malamulo a pamalopo.

Ngati cholinga chanu n'kuona yamoyo, pitani madzi akaphwa kwambiri. Zimenezi zimachitika masiku a mwezi watsopano ndi a mwezi wathunthu. M'magombe ambiri madzi amaphwa kawiri patsiku, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50, ndiye onani ndandanda ya mafunde ya pamalopo musananyamuke. Nkhono zabowo zambiri sizipirira dzuwa ngati mmene amachitira limpet wamba, nkhono yofanana nazo koma yopanda bowo, chifukwa bowo lomwelo limataya chinyezi. Zifuneni kumunsi kwenikweni kumene madzi amalekezera, m'ming'alu ndi kunsi kwa miyala. Valani nsapato zolimba ndi magolovesi. Musapise dzanja pamene maso sakuona, poti m'nyanja zofunda kunsi kwa miyala kumakhalanso nkhono zaululu za mtundu wa Conus ndi tizilombo taminga. Mwala uliwonse mukauvundukula ubwezereni mmene unalili, chifukwa zamoyo za kunsi kwake zimafa zikayang'ana kudzuwa. Ndipo musafulatire nyanja kwa nthawi yaitali.

Mukaipeza, khalani chete, madzi aiphimbe pang'ono, mudikire. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pano mawuwo ndi oona mmene alili: pakapita kanthawi chigobacho chimatukuka pang'ono, tinyanga tiwiri timatuluka, ndipo patsinde pa kanyanga kalikonse pali kadontho kakuda. Ndiwo maso ake. Kumene kwatulukira tinyangako ndiko kutsogolo. Jambulani, chifukwa chithunzi chimenecho chikupeputsirani ntchito ya pa nambala 5. Muonanso kamnofu kotuluka pang'ono pabowo paja ngati kapaipi kakafupi. Mitundu ina imakuta chigoba chonse ndi mnofu wake moti poyamba simungadziwe n'komwe kuti pali chigoba.

Zonse zotsatirazi ndi za chigoba chopanda kanthu, chimene mafunde anachilavulira kumtunda.

3. Tsukani, koma mofatsa

Chiviikeni m'madzi opanda mchere usiku umodzi, kenako muchitsuke ndi mswachi wofewa. Mchenga wokakamira m'bowo muuchotse ndi kamtengo kotokosera m'mano. Osalowetsamo singano kapena msomali. Maonekedwe a bowolo ndi umboni, mukalikulitsa mwawononga umboniwo.

Osaika mu viniga kapena madzi a mandimu. Chigoba ndi laimu, asidi amachisungunula. Ine ndinachitapo zimenezi ndikuyamba kumene, nditamva kwa wina kuti viniga amawalitsa zigoba. Ndinaona tithovu tikutuluka ine n'kumakondwa kuti litsiro likuchoka, osadziwa kuti chikupita ndi chigobacho. Pochivuula, timizere tonse tinali titafafanizika, chasalala ngati sopo wotha. Ngati pali ndere zouma zokana kuchoka, bulitchi wothira madzi ambiri kwa mphindi zochepa amathandiza, kenako mutsukuluze bwinobwino. Yanikani pamthunzi.

4. Tsopano chitembenuzeni

Yang'anani bowolo kuchokera m'kati. Ngati muli ndi galasi lokulitsira zinthu litengeni, apo ayi kamera ya foni ikwanira. Chimene mukufuna ndi mkombero wokhuthala, wosalala, wozungulira bowolo, ngati kuti wina anamatirapo kampanda kakang'ono. Mabuku amautcha callus. Nkhonoyo imaumanga yokha pamene ikukula, ndipo kawirikawiri umasiyana mtundu ndi chigoba chonse, kapena umakhala ndi kamzere kokuda m'malire mwake. Mkombero ulipo, muli ndi nkhono yabowo. Palibe, ndiye kuti nthawi zambiri mwagwira chimodzi mwa zinthu zinayi izi.

Choyamba, ndiponso chofala kwambiri, ndi limpet wamba wothetheka nsonga. Nkhono za mitundu ya Patella ndi Cellana zilibe bowo, koma chigoba chikamagubuduzika m'mafunde nsonga ndiyo imayamba kutha. Bowo lotero limakhala lokumbikakumbika, m'mphepete mwake mopyapyala ngati pepala, nthawi zina lalikulu moti chatsala ndi ngati mphete chabe. Mukaliloza kudzuwa muona kuti mozungulira bowolo mukudutsa kuwala. Pa nkhono yabowo yeniyeni pamenepo m'pamene pali pokhuthala koposa.

Chachiwiri ndi chigoba chobooledwa ndi nkhono inzake yodya nyama. Nkhono za banja la Naticidae zimaboola bowo lozungulira bwino kwambiri, lotambalala kunja ndi lopanikiza m'kati ngati kafanulo. Za banja la Muricidae zimaboola lowongoka ngati la chobowolera. Mabowo amenewa ndi aukhondo, amanyenga, koma samakhala ndi mkombero m'kati, ndipo amapezeka paliponse pamene wakudyayo anakhala, osati pamzere wapakati wa chigoba.

Chachitatu ndi barnacle, kaja kooneka ngati kaphiri kophulika komamatira pamiyala ndi pansi pa mabwato. Kameneka si nkhono n'komwe, ndi mbale wa nkhanu. Chigoba chake n'cholumikiza zidutswa zingapo, mukayang'anitsitsa muona misoko.

Chachinayi ndi choboola munthu. Chimenecho chimaoneka ndi tizidutswa tothetheka m'mphepete mwa bowo, mbali imene chobowolera chinatulukira.

Onaninso kuwala kwa m'kati. Nkhono zabowo m'kati mwake mumakhala ngati mbale yadothi yopaka, moyera kapena mobiriwira, koma mulibe kunyezimira kwa utawaleza kuja kwa ngale. Mukaona utawaleza ndi mabowo angapo ondondozana, mwagwira abalone, wachibale wake koma wa banja lina.

5. Pezani kutsogolo ndi kumbuyo

Apa m'pamene mabuku ambiri amadutsa ngati kuti aliyense anabadwa akudziwa. Amangoti "mkombero ndi wodukiza chakumbuyo" kapena "bowo lili chakutsogolo kwa pakati", osanena kuti kumbuyoko mukudziwa bwanji pa chinthu chozungulira chopanda mutu ndi mchira. Mukalakwitsa apa, zonse zotsatira zimasokonekera, ndipo mumapezeka mukukangana ndi buku pamene wolakwa ndinu. Ndiye tikhalepo pang'ono.

Pali zizindikiro zitatu, ndipo sizilemera mofanana.

Chodalirika kwambiri ndi chipsera cha mnofu. Pamene nkhonoyo inali moyo, mnofu wamphamvu unalumikiza phazi ndi chigoba, ndipo pamene unagwira pamatsala chipsera. Chili m'kati, pakati pa mkombero uja ndi m'mphepete mwa chigoba, ndipo chimazungulira pafupifupi chigoba chonse ngati chilembo cha U. Sichitsekeka. Pamene pali pakamwa pa U ameneyo ndi pamene panali mutu, chifukwa mutu unkafunika mpata wotulukira. Kumeneko ndiko kutsogolo. Pa mitundu ina nsonga ziwiri za U zimapindikira m'kati ngati mbedza, ndipo mukaona timbedza timeneti musakayikenso.

Vuto lake n'lakuti chipseracho sichioneka msanga. Si mzere wojambulidwa ayi, ndi lamba wosiyana kuwala pang'ono chabe ndi malo omuzungulira, nthawi zina wakuya pang'ono kwambiri. Mukachiyang'ana molunjika pansi pa babu simuona kanthu. Chitani chonchi. Chigoba chikhale chouma, chifukwa madzi amabisa kusiyanako. Lowani m'chipinda chamdima pang'ono, muike chigobacho chagada pansalu yakuda, muyatse tochi n'kuigoneka m'mbali, kuwala kuzidutsa mokwawa m'kati mwa chigobacho. Ndiye muzizunguza chigobacho pang'onopang'ono, tochi ili pamodzimodzi. Penapake lambayo amatulukira. Mutsatireni ndi diso mpaka pamene akuthera mbali zonse ziwiri. Koyamba zingakutengereni mphindi zisanu kapena kuposa. Mukadzamuona kamodzi, pa zigoba zotsatira diso limapita lokha.

Chizindikiro chachiwiri ndi kupanikiza. Ikani chigoba papepala, muzunguze pensulo m'mphepete mwake. Chojambulacho chimatuluka ngati dzira, ndipo pa mitundu yambiri mbali yopanikiza ndiyo kutsogolo. Pachigoba chenicheni diso limanyengeka ndi nthiti ndi mitundu, koma papepala kusiyanako kumaonekera.

Chachitatu ndi kupendekeka. Yang'anani chigobacho cham'mbali, diso lili pamlingo wa tebulo. Pa mitundu yambiri nsonga siili pakati penipeni, imasendera kutsogolo, moti mbali ya kutsogolo ndi yaifupi ndi yotsetsereka kwambiri, ya kumbuyo yaitali ndi yokhota pang'ono ngati msana.

Zitatuzi zikagwirizana, chongani ndi pensulo kadontho m'kati, kutsogoloko. Zikatsutsana, khulupirirani chipsera. Ndikunena chonchi chifukwa pali mitundu yosatsata anzake. Pa Macroschisma, mwachitsanzo, bowo ndi lalitali ndipo lili chakumbuyo, ndiye wodalira malo a bowo okha amatembenuza nkhono yonse. Ndipo ngati chigoba chatha kwambiri moti chipsera sichikuoneka ngakhale ndi tochi, vomerani kuti chimenecho n'chokongoletsera pashelefu, si chophunzirira. Tolani china.

6. Bwererani ku mkombero uja

Tsopano gonekani chigoba chagada, kadontho ka pensulo kaloze kutali ndi inu. Mbali ya mkombero imene ili kufupi ndi inu ndiyo ya kumbuyo. Iyang'anitsitseni.

Ngati mkombero ukuzungulira bwinobwino mbali zonse, wopanda podukiza, mwina muli ndi Fissurella. Ngati kumbuyoko ndi kodukiza mowongoka ngati wina anadulapo ndi mpeni, ndipo kuseri kwa podukapo pali kadzenje kakang'ono, muli ndi Diodora. Njira yosavuta yotsimikizira ndi kuyendetsa nsonga ya pensulo kuchokera kumbuyo kwa chigoba kupita kubowo. Pa Diodora pensuloyo imakodwa pa kasitepe isanafike pabowo. Pa Fissurella imangokwera bwinobwino.

Awiriwa ndiwo amene mudzakumana nawo kwambiri. Ena a m'banjamo amadziwika mosavuta mukangodziwa kutsogolo. Emarginula alibe bowo pansonga, ali ndi mng'alu m'mphepete chakutsogolo, ndipo anthu ambiri amataya zigoba zake poganiza kuti n'zosweka. Puncturella ali ndi bowo patsogolo pa nsonga, nsongayo ikadalipo, ndipo m'kati muli kashelefu kophimba bowolo. Scutus ndiye wosokoneza: chigoba chake n'choyera, chophwatalala, chachitali ngati chishango, chopanda bowo, chongolowa m'kati pang'ono kutsogolo, pamene nyama yake ndi yaikulu kuposa chigobacho, ndipo pa mitundu yotchuka ya ku Australia ndi New Zealand ndi yakuda bii.

Mukadziwa mmene bowolo limayambira, mitundu yonseyi imamveka. Kamwana ka nkhono yabowo kamayamba ndi kachigoba kopotana ngati nkhono ina iliyonse. Kenako m'mphepete chakutsogolo mumachita mng'alu. Pamene chigoba chikukula, mng'aluwo umatsekeka kumunsi n'kusanduka bowo, ndipo m'mphepete mukamapitirira kukula bowolo limatsalira kumtunda, mpaka limadya nsonga yopotana ija. Emarginula amaima pa mng'alu, Puncturella amaima pakati, Diodora ndi Fissurella amafika kumapeto. Choncho mukapeza kachigoba ka mamilimita 2 kapena 3 kokhala ndi bowo komanso kansonga kopindika kumbuyo kwake, musafulumire kunena kuti mwatulukira mtundu wachilendo. Kangakhale kamwana chabe.

7. Werengani nthiti, muyeze

Tembenuzaninso, tione kunja. Mizere yotukuka yochokera pabowo kutsikira m'mphepete ndiyo nthiti. Ina imazungulira chigoba mopingasa nthitizo. Pa Diodora mizere iwiriyi imapingasana n'kupanga timabokosi ngati ukonde, ndipo m'mphepete mwa chigoba mumakhala timano tating'ono, nthawi zambiri tiwiritiwiri. Pa Fissurella nthiti zotsika ndizo zimalamulira, ukonde suoneka kwenikweni.

Nthiti sizilingana kukula. Pezani yaikulu imodzi, muwerenge zazing'ono mpaka mufike pa yaikulu ina. Werengerani pafupi ndi m'mphepete, osati pafupi ndi bowo, chifukwa nthiti zatsopano zimaonjezereka pamene chigoba chikukula, ndiye kumtunda zimakhala zochepa. Werengani malo atatu osiyana. Anthu ambiri amawerenga pamodzi pokha, pamene mwina nkhonoyo inavulalapo n'kukonza chigoba mokhotakhota.

Yezani mu mamilimita zinthu zinayi: utali, mulifupi, msinkhu kuchokera patebulo kufika pansonga, ndi utali wa bowo. Lembaninso maonekedwe a bowolo, kaya ndi lozungulira, lalitali, lopanikiza pakati ngati nambala 8, kapena lotambalala mbali imodzi ngati la kiyi. Onani ngati chigoba chikukhala pansi mbali zonse pa tebulo, kapena chikugwedera chifukwa mapeto ake ndi otukuka.

Mtundu wa kunja musaudalire kwambiri. Zigoba za mtundu umodzi zimatha kukhala zoyera, zotuwa, zofiirira kapena za mizere, ndipo dzuwa la pagombe limayeretsa zonse. Mtundu wa m'kati ndiwo umathandizako.

8. Dzina lenileni limadalira nyanja yake

Apa m'pamene kapepala ka pa nambala 1 kamagwira ntchito. Banjali lili ndi mitundu mazanamazana, ndipo Diodora wa ku nyanja ina amatha kufanana kwambiri ndi wa ku nyanja ina moti pachithunzi simungawasiyanitse. Malo ndiwo amachepetsa oganiziridwa.

Tiyerekeze kuti chigoba chanu chinachokera ku Caribbean kapena ku Florida. Diodora amene nthiti yachinayi iliyonse ndi yaikulu, bowo lake lili ngati la kiyi ndipo lili chakutsogolo, ayenera kukhala Diodora cayenensis, amene Lamarck, wasayansi wa ku France, anamulemba mu 1822 ndipo amapezeka kuchokera kugombe la kum'mawa kwa United States mpaka ku Brazil. Ngati nthiti zikusinthana, yaikulu, yaing'ono, yaikulu, ndipo ukonde wake ndi wokhakhala kwambiri, ganizirani Diodora listeri. Fissurella wa m'kati mwa mizere yozungulira yobiriwira ndi yoyera ndi Fissurella barbadensis. Wa nthiti zamfundomfundo, woyera m'kati, bowo ngati nambala 8, ndi Fissurella nodosa.

Ngati chinachokera ku Red Sea kapena kugombe la kum'mawa kwa Africa, Diodora wamng'ono wa nthiti zoyera ndi zakuda zosinthana amene amatchulidwa kawirikawiri ndi Diodora ruppellii, wotchedwa dzina la Eduard Rüppell wa ku Frankfurt, amene anafufuza zamoyo za m'dera la Red Sea. Ameneyu ndi chitsanzo chabwino chakuti mapu a m'mabuku akale amatha ntchito. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, zamoyo zambiri za ku Red Sea zinayamba kuwolokera ku Mediterranean, ndipo nkhono imeneyi ndi imodzi mwa izo. Lero imapezeka kum'mawa kwa Mediterranean, m'madzi momwe muli kale eni dera monga Diodora graeca ndi Diodora italica. Wotola chigoba kumeneko ayenera kuyerekezera ndi magulu onse awiri.

Kum'mwera kwa Africa kuli Fissurella natalensis ndi Fissurella mutabilis, komanso Dendrofissurella scutellum, uja wa mapeto otukuka ngati chishalo cha hatchi, amene amagwedera mukamuika patebulo.

Ndipo chigoba chikakhala chachikulu modzaza chikhatho, mwachoka kale m'gulu la tating'ono ta m'madzi ofunda. Zikuluzikulu zili ku Chile ndi Peru, kumene asodzi amazitcha lapa ndipo amazigwira n'kumagulitsa, komanso ku California ndi Baja California kumene kuli Megathura crenulata, wa chigoba chofika masentimita 13. Ameneyu ndiye wotchuka kwa azachipatala. Magazi ake amanyamula mpweya pogwiritsa ntchito kopa m'malo mwa ayironi, n'chifukwa chake ndi obiriwira ngati thambo, ndipo puloteni ya m'magazimo, yotchedwa KLH, imagwiritsidwa ntchito pa kafukufuku wa katemera chifukwa imadzutsa kwambiri chitetezo cha m'thupi. Ndatchula zimenezi chifukwa pamakhala wina wofunsa ngati kachigoba kake ka masentimita 2 kangamulemeretse. Sikangatero. Ndi nkhono ina, ndipo chofunikacho ndi magazi a yamoyo, osati chigoba.

Langizo langa pa nambala imeneyi ndi limene anthu salikonda: ngati zizindikiro sizikukwana, imani pa dzina loyamba. Lembani "Diodora sp.", kutanthauza kuti mukudziwa gulu lake koma mtundu weniweni ayi. Si manyazi. Ngakhale m'nyumba zosungiramo zinthu zachilengedwe muli timabokosi tambiri tolembedwa choncho. Dzina lolakwika lolembedwa molimba mtima ndilo loipa, chifukwa wina amalikopera, winanso n'kukopera kwa iyeyo.

9. Mukafuna kufunsa ena, jambulani zinayi

Chapamwamba, cham'kati, cham'mbali, ndi china chapafupi choonetsa mkombero. Rula ikhale pambali pa chigoba m'chithunzi chimodzi. Osagwirizira m'manja, chifukwa kamera imakonda kuona bwino mizere ya chikhatho n'kusiya chigoba chili mbuu. Osayatsa fulashi, imafafaniza nthiti. Kuwala kwa pawindo kochokera mbali imodzi ndiko kwabwino. Mwa zithunzi zimene ndimalandira, pafupifupi zonse zimakhala za pamwamba pokha, ndipo yankho langa loyamba limakhala lomwelomwelo: tembenuzani.

Zithunzizo mukhoza kuziika pa webusaiti ya iNaturalist pamodzi ndi malo ndi tsiku, kumeneko kuli anthu odziwa nkhono amene amathandiza. Dzina limene kompyuta ya kumeneko ikupatsani poyamba mulitenge ngati longoganizira, mudikire munthu. Mukapatsidwa dzina, kalifufuzeni pa webusaiti yosunga mayina a zamoyo za m'nyanja ya World Register of Marine Species, imene ambiri amaifupikitsa kuti WoRMS, muone ngati likugwirabe ntchito. Mayina amasintha. Diodora ambiri, kuphatikizapo cayenensis uja, poyamba analembedwa ngati Fissurella, ndiye m'buku lakale mudzawapeza pansi pa dzina limenelo. Mukaona dzina la wolemba ndi chaka zili m'mabulaketi, tanthauzo lake n'lomwelo: mtunduwo unasamutsidwa kuchoka m'gulu limene anauikamo poyamba.

10. Sungani pamodzi ndi kapepala kake

Chigoba chilichonse m'kathumba kake kapulasitiki kotseka kapena m'kabokosi kake, kapepala kali momwemo, osati komata kunja. Lembani ndi pensulo, inki imafufuta ndipo imayenderera pakachita chinyezi. Malo ndi tsiku zikhale pamwamba, dzina pansi, poti dzinalo mwina mudzalisintha koma malowo sadzasintha.

Osapaka vanishi. Imadzaza timabokosi ta ukonde tija ndipo imabisa chipsera cha mnofu mpaka kalekale.

Pomaliza, samalani ndi kabati yamatabwa. Matabwa ena, makamaka a oak, komanso makatoni wamba, amatulutsa mpweya wa asidi pang'onopang'ono. M'malo achinyezi mpweyawo umadya laimu wa chigoba, ndipo pakapita miyezi kapena zaka mumapeza zigoba zachita ufa woyera ngati nkhungu. Osunga zigoba amati ndi matenda a Byne, ngakhale kuti si matenda enieni ndipo palibe kachilombo. Mukaona ufawo, tsukani chigobacho ndi madzi opanda mchere, muchiyanike mpaka chiumiretu, muchisamutsire m'kabokosi kapulasitiki kapena kagalasi. Pamene padyeka padyeka, sipabwerera, ndipo pa Diodora zoyamba kutha zimakhala nthiti zazing'ono zija munkawerenga pa nambala 7.